Ng'oma za mu laputopu zifuna khutu la woliza ng'oma

Mukayenda pa Mosi-oa-Tunya Road masana, mudzamva ng'oma zamitundu iwiri. Pa Mukuni Park, pamene amagulitsa ziboliboli kwa alendo, wamalonda amaliza kang'oma kachikopa kuti wodutsa aime. Kutsogolo pang'ono, masipika a m'mashopu ndi a m'matakisi akuliza nyimbo zatsopano. Ng'oma za m'nyimbo zambiri mwa izi palibe dzanja linazikhudzapo. Anazipanga pa laputopu.

Manje situdiyo si nyumba yaikulu ayi. M'makomboni monga Maramba, Dambwa, Libuyu ndi Linda, mnyamata akakhala ndi laputopu, maikolofoni imodzi ndi matiresi akale okhomera pakhoma, ntchito yayamba. Ambiri amagwiritsa ntchito FL Studio, pulogalamu ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, imene kale inali kutchedwa FruityLoops. Kugula ng'oma za bandi, maikolofoni angapo ndi kupeza chipinda chimene eni nyumba sangakuthamangitsemo chifukwa cha phokoso, ndani angakwanitse?

Kale sizinali tero. M'zaka za m'ma 1970, gulu la WITCH linali kujambula ku DB Studios mu Lusaka, ndipo gulu la Musi-O-Tunya, la a Rikki Ililonga ndi woliza ng'oma a Brian Chengala, linachita kukajambulira ku Nairobi. Lero mwana wa ku Dambwa akhoza kumaliza nyimbo asanatuluke pageti. Izi n'zabwino, koma zabwera ndi vuto lake.

Vuto ndi lakuti ng'oma zambiri za pa kompyuta zimamveka ngati mashini osokera. Woyimba wasunga ndalama miyezi ingapo, walipira prodyusa, nyimbo yatuluka. Koma akaiika pa kitchen party, azakhali amene sachedwa kumanga chitenje m'chiuno angokhala phee pampando. Sadziwa mawu akuti mixing, koma chiuno chawo chamva kuti palibe munthu kumbuyo kwa ng'omazo.

Choyamba chimene chimaulula kompyuta ndi mphamvu. Munthu saliza ng'oma kawiri mofanana ndendende. Mu MIDI, njira imene zoimbira zamagetsi zimalankhulirana kuyambira 1983, mphamvu ya kumenya imatchedwa velocity ndipo imathera pa 127. Prodyusa wofulumira amasiya zonse pa nambala imodzi. Wodziwa amatsitsa zina, makamaka pa hi-hat, kuti ina imveke mwamphamvu, yotsatira pang'ono chabe. Amaikanso timamenyedwe tofewa ta snare pakati, timene simungatiloze koma mukatichotsa nyimbo imauma.

Chachiwiri ndi nthawi. Batani la quantize limakokera chilichonse pamzere weniweni. Koma woliza ng'oma wamoyo amatsogola kapena kutsalira pang'ono kwambiri, ndipo kukoma kuli pamenepo. Ndi bwino kuliza ndi zala pa kiyibodi kapena pa mapadi, ndi kukonza pokhapo pamene pasokonekera zedi.

Chachitatu n'chosavuta kukumbukira: munthu ali ndi manja awiri ndi miyendo iwiri. Ngati pa nthawi imodzi snare, hi-hat, ma tom awiri ndi cymbal zonse zikulira, khutu limadziwa kuti ameneyu si munthu.

Palinso nkhani imene maphunziro ambiri a pa YouTube sanena, chifukwa opanga ake saganizira za kwathu kuno. Mukatsegula FL Studio, timabokosi ta ng'oma timabwera m'magulu a tinayi tinayi. Koma ng'oma zambiri za makolo athu, ndi nyimbo zambiri za kalindula, zimayenda patatu patatu. Mukazikakamiza kulowa m'magulu a zinayi, zimatsimphina. Sinthani mizere ikhale ya triplet musanaike ngakhale kick imodzi, ndipo mvetserani bwino a Amayenge kapena a P.K. Chishala kuti muone pamene bass ndi ng'oma zimapatsirana mpata.

Pofika pa mixing, nkhondo yaikulu imakhala pakati pa kick ndi bass, chifukwa zonse zikhala pansi. Sankhani chimodzi chitenge pansi penipeni, chinacho muchichepetse pamenepo ndi EQ. Ng'oma zonse muzipatse reverb imodzi yochepa kuti zimveke ngati zili m'chipinda chimodzi. Compression musachulutse, apo ayi kusiyana kwa mphamvu kumene munavutikira kuja kudzafafanizika. Pomaliza, yesani nyimbo pa foni. Anthu ambiri adzailandira pa WhatsApp, ndipo kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi kwambiri. Kick imene igwedeza chipinda chanu ikhoza kusoweratu m'manja mwa womvera.

Nanga mawu a ng'omazo achokera kuti? Mapulogalamu otchuka monga EZdrummer ndi Addictive Drums, onse a ku Sweden, anajambulidwa bwino kwambiri, ndipo MT Power Drum Kit ndi yaulere. Koma izi makamaka ndi ng'oma za bandi ya kunja. Simudzapezamo kulira kwa budima ya kuno kumwera, gule amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe mu 2020. Aliyense akamatenga mawu pamalo amodzi, nyimbo ya ku Livingstone imafanana ndi ya kwina kulikonse.

Anzathu a ku South Africa anationetsa kuti kompyuta ikhoza kulankhula chinenero cha kwanu. Log drum ya amapiano inachokera mu FL Studio momwemo, koma anaiumba mpaka dziko lonse linadziwa eni ake.

Ife tili ndi poyambira pafupi. Itanani woliza ng'oma wa kutchalitchi kapena wa gulu la magule. Usiku kukakhala bata, mujambuleni akumenya pakati pa chikopa, m'mphepete, mofewa, mwamphamvu, kangapo kangapo. Mawu amenewo muwaike mu sampler kuti azisinthana. Koposa apo, musiyeni alize yekha pamwamba pa beat yanu kwa mphindi zitatu. Ndipo mumulipire, mulembe dzina lake pa nyimbo, chifukwa laputopu yamulanda kale ntchito zambiri. Ngati ndi ng'oma za mwambo, monga za pamaliro kapena za kwa mfumu, yambani mwafunsa akuluakulu. Si zonse zimene zimaloledwa kulowa mu kilabu.

Ba prodyusa, Loweruka likubwerali tsekani laputopu kwa ola limodzi, mupite kumene kwaya ikuyeserera kapena kumene gule akuvinidwa. Mafoni m'thumba, maso pa manja a woliza ng'oma. Muwerenge kuti pa kumenya khumi, ndi kangati wamenya mwamphamvu.