Ukwati wa ku Joni Sufafaniza Masiku Opitirira pa Pasipoti



Kuno ku Salima, kuchokera ku Senga Bay kukafika ku Chipoka, nkovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana wake ku Joni. Ena mwa anyamata athu amafunsira komweko, ndipo makolo tikamva kuti mpongozi wathu ndi nzika ya South Africa timati basi, mwana wathu wakhazikika. Komatu lamulo la kumeneko silitero.

Munthu wa pasipoti ya Malawi akalowa m'dzikolo ngati mlendo amapatsidwa masiku 30. Kale wopitiriza masikuwa ankangolipira chindapusa. Kuyambira mu May 2014 zinthu zinasintha. Wopitiriza ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Akabwereza isanathe miyezi 24, chiletso ndi zaka ziwiri. Akaposa masiku 30, ndi zaka zisanu. Chiletsochi amapatsidwa potuluka, kaya pa Beitbridge kaya pa bwalo la ndege, ngakhale atasiya mkazi ndi khanda ku Johannesburg. Wogwidwa asanatuluke angathe kukasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kumudzi.

Tangoganizani: mnyamata wabwera ku maliro a bambo ake ndi kachikwama kamodzi, akuti akhala sabata ziwiri, koma njira yobwererera yatsekeka kwa zaka zisanu. Nanga mkazi uja adyetsedwa ndi yani? Nanga mwana adzamdziwa bwanji bambo wake? Chisilamu chinaika udindo wosamala banja pa mwamuna, ndipo nkovuta kuukwaniritsa uli kutsidya kwa malire.

Ukwati umathandiza, koma umathandiza amene masiku ake sanathe. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, bwalo lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti mlendo amene ali pa banja ndi nzika atha kupempha chilolezo chokhalira ali momwemo, osayamba wabwerera kwawo. Chilolezo chokhaliratu chimapemphedwa ukwati ukatha zaka zisanu. Mu 2022 bwalo lomwelo linati malamulo a ukwati ankalakwira Asilamu posazindikira maukwati awo. Ngakhale zili choncho, nikah payokha si chilolezo chokhalira m'dziko. Ukwati ukalembetsedwe ku ofesi za Home Affairs, ndipo pempho likaperekedwe tsiku lodindidwa mu pasipoti lisanakwane.

Amene waletsedwa kale asataye mtima, ndiponso asadumphe mtsinje wa Limpopo usiku. Atha kulemba kalata yodandaula ku Home Affairs, naphatikizapo umboni wa ukwati, wa kubadwa kwa ana, kapena wa kuchipatala ngati anachedwa chifukwa cha matenda.

Inu makolo, mwana akaimba foni kuti wapeza mbeta, musathamangire kufunsa za mahari zokha. Mfunseninso kuti, “Kodi masiku ako atha liti? Nanga mkaziyo ndi makolo ake wawauza zoona?” Banja lomangidwa pa chinsinsi chotere limagwedezeka tsiku limene wapolisi wagogoda pakhomo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Allah awasunge ana athu ali m'maulendo, ndipo awabweze kwawo ndi ulemu.