MMENE INSHUWALANSI YA ALIMI IMAYESEDWERA ISANAFIKE KU MUDZI

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca nyengo ya 2023/2024 cinali tsoka la dziko lonse. Cimanga citafota m'minda, maso a alimi anatembenukira ku inshuwalansi ya mbeu, imene Boma linaiphatikiza ku cithandizo ca feteleza ndi mbeu ca FISP m'nyengo ya 2017/2018. Pa nthawi imeneyo, pa K400 imene mlimi anali kupereka, K100 inali ya inshuwalansi.

Funso lalikulu ndi lakuti: kodi ndani amagamula kuti mlimi wa ku Petauke alandire cipukuta misozi, koma wa ku Lundazi asalandire? M'inshuwalansi yoyendera mvula, palibe munthu amene amayendera munda uliwonse. Cimene cimawerengera ndi pulogalamu ya kompyuta, ndipo pali makampani amene nchito yao ndi kupanga mapulogalamu otere. Cinthu catsopano cisanalowe m'pulogalamu, cimapyola pa makomo atatu.

Khomo loyamba ndi cilolezo. Tinene kuti alimi adandaula kuti mvula imadula cimanga cili pa ngaiyaye, koma inshuwalansi imangolipira mbeu zikalephera kumera. Dandaulo limeneli limalembedwa ndi kuperekedwa kwa akuluakulu a kampani. Akatswiri a masamu amawerengera kuti ng'amba yotere imagwa kangati pa zaka 10 kapena 20, ndiponso kuti mlimi angalipire zingati kuti thumba lisaume. Ngati mtengo uposa mphamvu za mlimi, ganizolo limakanidwa kapena kusinthidwa. Kampani yogulitsa inshuwalansiyo iyeneranso kutsata lamulo la Insurance Act la 2021, pansi pa bungwe la Pensions and Insurance Authority.

Khomo laciwiri ndi kumanga. Olemba mapulogalamu amauza kompyuta zonse mwatsatanetsatane: tsiku limene citetezo ciyamba, tsiku limene citha, masiku angati opanda mvula amene ayenera kuchedwa ng'amba, ndi ndalama zoyenera pa dera lililonse. Mbiri ya mvula imacokera ku makina oyendayenda mumlengalenga ochedwa setilaiti. Mwacitsanzo, akatswiri a TAMSAT pa University of Reading ku Britain ali ndi mbiri ya mvula ya mu Africa kuyambira 1983. Iwo amayesa kuzizira kwa mitambo pamwamba pake, pakuti mitambo yozizira kwambiri ndiyo imabweretsa mvula, ndipo amayerekeza zimenezi ndi zoyesera mvula za pansi.

Khomo lacitatu, lofunika koposa, ndi kuyesa. Nchito imeneyi imapatsidwa kwa anthu ena, osati amene analemba pulogalamuyo, cifukwa mwini nchito saona msanga colakwa cake. Oyesawo amaika m'kompyuta mvula ya zaka zakale, monga caka ca cilala ca 1992, kuti aone ngati pulogalamu ikadalipira. Ikakana kulipira pa caka cimene aliyense akumbukira njala, ndiye kuti yalakwa, ndipo imabwezedwa kwa oilemba. Amayesanso dala ndi nambala ya citupa yolakwika, dzina lolembedwa kawiri, ndi lamya yotsekedwa. Pambuyo pake amayesa m'maboma owerengeka okha asanafalitse m'dziko lonse. Ndi mmenenso Boma linacitira ndi makadi a e-voucher, amene anayamba m'maboma 13 m'nyengo ya 2015/2016.

Komabe pali vuto limene kuyesa kwa mu ofesi sikungalithetse. Setilaiti imaona dera la makilomita angapo ngati malo amodzi, pamene mvula imatha kugwa tsidya lina la mtsinje ndi kulumpha tsidya lino. Motero mlimi angataye mbeu zonse koma kompyuta n'kunena kuti mvula inakwanira.

Pa cifukwa cimeneci, mau a mlimi ali mbali ya kuyesako. Mlimi aliyense ayenera kuonetsetsa kuti dzina, citupa, nambala ya lamya ndi dera la munda wake zalembedwa molondola. Ayeneranso kufunsa mlangizi wa zaulimi masiku amene citetezo cigwira nchito. Makopaletivu angacite bwino kusunga buku la masiku amene mvula yagwa, ndi kulipereka kwa mlangizi pamene malipiro sagwirizana ndi zimene zaoneka m'munda. Buku lotere ndi umboni umene opanga mapulogalamu angakonzere nao zolakwa nyengo ina isanafike.