Dzina la khadi likasintha, intaneti zii!

Inu amalonda amene mukulipirira ana mayeso a Linux monga RHCSA, ndaona kanthu kamene kamawazunguza mutu: dzina la khadi lolumikiza kompyuta ku netiweki.

Kale mayina anali eth0 ndi eth1. Khadi loyamba kudzuka limatenga eth0, ngati wolawirira benchi pamsika. Mawa lake mayina asinthana, intaneti zii!

Kuyambira 2013, systemd imatcha khadi potengera pomwe lalowetsedwa, monga enp0s3. Koma mukalisuntha, dzina lasinthanso.

Ine ndimawauza anawo kuti: pezani nambala ya MAC ndi lamulo la ip link, muilembe pamodzi ndi dzina lomwe mukufuna mu fayilo ya .link ku /etc/systemd/network. Kenako zimitsani, yatsaninso, muone ngati lagwira. Pamayesowa, ntchito yofufutika kompyuta ikayatsidwanso ilibe malikisi, ndalama zanu zapita.