Anatseka Okha, Koma Kompyuta Inatsegulanso

Pa 12 November 2015, kampani ya Microsoft ya ku Redmond m'dziko la America inatumiza pa intaneti makonzedwe akuru oyamba a Windows 10, pulogalamu imene imayendetsa nchito zonse za m'kompyuta. Pasanathe masabata awiri, kampaniyo inacotsa makonzedwewo pamalo pamene anthu anali kudzitengera okha, osafotokoza cifukwa ceni-ceni. Yankho linadza pa 24 November: m'kati mwace munali cirema.

Ciremaco cinakhudza cinsinsi ca munthu. M'Windows 10 muli malo amene mwini kompyuta amasankhapo zimene makina ace angaulule ndi zimene ayenera kubisa. Kwa anthu ena, makonzedwe atsopanowo anafafaniza zosankha zao zinai ndi kuzibwezera monga momwe zinacokera kwa ozipanga.

Cacikuru mwa zinaizo cinali nambala imene kompyuta imapatsa munthu aliyense woigwiritsa nchito, kuti otsatsa malonda amzindikire pamene acoka pa pulogalamu ina kunka pa inzace, ndi kudziwa zimene mtima wace umakonda. Caciwiri cinali SmartScreen, imene imatumiza makeyala a pa intaneti kwa Microsoft kuti aone ngati ali oopsya. Zina ziwirizo zinali cilolezo cakuti mapulogalamu azigwirabe nchito mwini wace asanawatsegule, ndi cakuti kompyuta izilankhulana ndi zipangizo zina zapafupi.

Microsoft inapepesa, inati okhudzidwa anali ocepa kwambiri, ndiponso inalonjeza kubwezera zosankha zao m'masiku owerengeka. Koma kucepa kwao sikucotsa kulemera kwa mlandu. Mmisiri woitanidwa kudzakonza denga akasiya zenera lotsegula, mwini nyumba amamva mphepo usiku womwewo. Kompyuta ilibe mphepo yotere. Munthu amene anatseka kamodzi amakhala ndi mtima pansi, ndipo sabwereranso kukayang'ana. Tsono kukana makonzedwe sikunali kwapafupi iai, pakuti pa Windows 10 Home anali kulowa okha. Ndipo ngakhale kukanako kukadatheka, makonzedwe omwewo ndiwo amatseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo.

Maboma a ku Europe sanakhale cete. Mu July 2016 bungwe la CNIL la ku France linapatsa Microsoft miyezi itatu kuti ileke kusonkhanitsa nkhani za anthu mopyola muyeso, ndipo linadzudzulanso nambala ya otsatsa malonda ija cifukwa inali kubwera yotsegula kale, munthu asanafunsidwe.

Mu October 2017 bungwe loteteza cinsinsi ca anthu ku Netherlands linapeza vuto lofanana ndi loyamba lija m'makonzedwe ochedwa Creators Update a caka comweco. Anthu ena amene kale anasankha kuti kompyuta zao zizitumiza nkhani zocepa cabe kwa Microsoft, akapanda kusankhanso pa nthawi yoika makonzedwewo, anali kuikidwa pa muyeso wotumiza zambiri. Bungwelo linagamula kuti kampaniyo yaphwanya lamulo la dzikolo.

Microsoft inasintha zina m'caka ca 2018. Bungwe la ku Netherlands linabvomereza kuti zinthu zakhalako bwino, koma litapeza zina zokaikitsa, mu August 2019 linapereka nkhaniyo kwa anzao a ku Ireland, kumene kuli likulu la kampaniyo la ku Europe.