Katemera wa Fuluwenza: Kholo Lipereke Mkono Uti?

Pa migodi ya ku Bindura, kumpoto cakum'mawa kwa Harare, monga mgodi wa golide wa Freda Rebecca, pali mabanja ambiri amene makolo ao anacokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique. Cisanu cikafika, kuyambira mwezi wa May kufikira August, cimfine cacikuru cochedwa fuluwenza cimayenda msanga m'makomboni, pakuti anthu amakhala mothithikana. Ndiyo nthenda ija inapulula anthu m'migodi ya dzikoli m'caka ca 1918. Masiku ano kuli katemera wace. Amabayidwa caka ndi caka cisanu cisanayambe, popeza kacirombo ka nthendayi kamasintha, ndipo mphamvu yace imakhazikika m'thupi patapita masabata awiri.

Namwino asanabaye amafunsa kuti, "Mkono uti?" Ambiri amangopereka wamanzere, cifukwa anamva kuti munthu asankhe mkono umene sagwirira nchito. Langizo limeneli ndi labwino kwa mlembi, kapena kwa bambo wogwira nyundo pansi pa mgodi. Koma kholo la mwana wamng'ono likhoza kusokera nalo.

Munthu akapenyetsetsa mai ali pophika, aona kuti dzanja lamanja lagwira mthiko, koma mwana wakhala pa mkono wamanzere. Amai ambiri, ndi abambo omwe, amanyamula mwana kumanzere osadziwa n'komwe. Tsono mkono umene amauyesa wopanda nchito ndiwo umasenza katundu tsiku lonse, katundu wopalapata, womenyetsa mutu paphewa. Singano imalowa m'mnofu wa m'munsi mwa phewa lomwelo, ndipo malowo amawawa, mwina kutupa pang'ono, tsiku limodzi kapena awiri. Mwana wa caka cimodzi sadziwa kuti amace ali ndi bala.

Nanga usiku? Mai woyamwitsa ali cigonere ali ndi mbali yace imene anazolowera, ndipo akabayidwa kumeneko tulo timabvuta. Cotero kholo lisanafike pa cipatala liganize mbali imene limanyamulira mwana ndi imene limagonera, lipereke mkono winawo. Mankhwala amagwira nchito cimodzimodzi kumanja kapena kumanzere. Mbali ziwirizo zikasemphana, kubereka mwana kumbuyo kumapumitsa mikono yonse, ngakhale pomanga nsaru phewa limadandaula pang'ono.

Mkono wobayidwa usasungidwe ngati dzira. Kuugwiritsa nchito zopepuka kumacepetsa kuuma kwace. Ngati mkono wina uli ndi cironda, kapena unatupa pambuyo pa opareshoni ya bere, namwino auzidwe asanatenge singano. Ululu ukapitirira masiku angapo, kapena phewa likakana kukwezeka, munthuyo abwerere ku cipatala.

Khanda losakwana miyezi 6 silibayidwa katemerayu. Limatetezeka pamene akuru olinyamula abayidwa. Likakwana miyeziyo likhoza kulandira wace, koma ilo amalibaya panchafu.