Mpira Umene Unadyetsa Ana Anjala

Kodi mpira wa miyendo uli ndi malo mu utumiki wa Eklezia? Mbiri ya timu ya Celtic ya ku Scotland itithandize kuyankha.

Njala yoopsa imene inayamba m'chaka cha 1845 inabalalitsa anthu ambiri a ku Ireland. Ena anakakhazikika kum'mawa kwa mzinda wa Glasgow, kumene umphawi unawapana mpaka ana awo ankafika kusukulu asanadye kanthu. A Bulazala Walfrid a chipani cha Marist, amene anali mphunzitsi wamkulu kumeneko, anazindikira kuti katekisimu salowa m'mutu mwa mwana wanjala. Anaonanso kuti makamu amalipira mokondwa kuti aonere mpira. Tsono pa 6 Novembala 1887, m'holo ya parishi ya St Mary, iwo ndi anzao anakhazikitsa Celtic kuti ndalama za pakhomo zizigulira anawo chakudya.

Komatu walira mvula walira matope. Timuyo inatchuka, a Walfrid anasamutsidwira ku London, ndipo m'chaka cha 1897 Celtic inasanduka kampani yopindulira eni ake. Gawo la amphawi linachepa.

Apa pali chenjezo kwa ife ansembe ndi aseminale. Kuyambitsa timu ya parishi nkwapafupi. Chovuta ndicho kusunga cholinga chake. Tikayamba kusiya ana a akhristu osauka panja chifukwa chofuna katswiri wobweretsa chikho, utumiki watha. Wansembe woyang'anira timu azifunsa chaka ndi chaka kuti: kodi mpirawu wadyetsa yani, wabweza yani ku Mpingo?