Dabuka ndi Redcliff: kosanjira mabogi ndi kodzazira mabogi

Sitima ya katundu ikamadutsa pa Gweru, mabogi ali ndondondo pambuyo pa mutu, munthu woima m'mphepete mwa njanji amaiona ngati chinthu chimodzi, chochokera kumodzi ndipo chopita kumodzi. Koma bogi lililonse lili ndi mwini wake ndi ulendo wake. Ili lanyamula malasha a ku Hwange, lotsatira lanyamula simenti, linalo ndi thanki ya mafuta, ndipo kumapeto kuli angapo opanda kanthu amene akubwerera kumgodi. Kuti onsewa apezeke mumzere umodzi, pali anthu amene anachezera usiku akuwamasula, kuwakankha ndi kuwalumikiza. Ntchito imeneyi imagwiridwa m'malo a mitundu iwiri: m'yadi yaikulu ya kampani ya njanji, ndi pa tinjanji tolowa m'kati mwa mpanda wa fakitale kapena mgodi. M'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe malo awiriwa ali moyandikana, ndipo n'kosavuta kuona chomwe aliwonse amachita komanso momwe amadalirana.

Gweru ali pamphambano. Njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Harare inatha kumangidwa mu 1902, ndipo chaka chotsatira nthambi yake inafika ku Shurugwi, kumene kunali golide kenako chrome. Ina inadzera ku Mvuma mpaka kufika ku Masvingo mu 1914. Kuchokera pa Somabhula, kummwera kwa Gweru, njanji inalowera ku Zvishavane mu 1928 kukatenga asbestos, ndipo mu 1955 anaitalikitsa kudzera ku Rutenga kuti katundu azifika kudoko la Lourenço Marques, lomwe lero ndi Maputo. Mu 1974 analumikizanso Rutenga ndi Beitbridge, khomo lolowera ku South Africa. Njira zonsezi zimakumana pafupi ndi Gweru, n'chifukwa chake yadi yaikulu ya Dabuka inamangidwa pomwepo, makilomita ochepa kunja kwa mzindawu.

Funso la pa Dabuka ndi limodzi: bogi ili likupita kuti? Sitima ikafika, mutu wake umamasulidwa n'kupita kokamwa mafuta, ndipo kamutu kena kosunthira mabogi kamatenga malo ake. Munthu wosanja mabogi, amene anzake amamutcha shanta, amayenda pansi ndi pepala la mndandanda wa mabogiwo. Akafika podula, amamasula paipi ya mabuleki yolumikiza mabogi awiri, n'kukoka chitsulo cha m'mbali kuti mano olumikizira atseguke. Kenako amatuluka pakatipo, n'kukweza mkono kapena kulankhula pa wailesi ya m'manja. Dalaivala ali kutali, sakuona pamene mnzakeyo waima, ndipo amasuntha matani mazanamazana pongokhulupirira mawu ake. Kutsogolo wina watembenuza kale chosinthira njanji. Mabogi anayi a ku Maputo alowa pamzere wawo, awiri a ku Harare pamzere wina, thanki ya mafuta payokha chifukwa siiyenera kugundizidwa mwamphamvu. Usiku zizindikiro zonsezi zimaperekedwa ndi nyali. Wa pa yadi sasamala kwenikweni kuti malasha a m'bogimo akagwira ntchito yanji. Iye akufuna kuti olemera akhale pamalo poyenera, mabuleki agwire kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo sitima inyamuke pa nthawi imene yapatsidwa, popeza njanji yambiri ya ku Zimbabwe ndi ya mzere umodzi ndipo yochedwa imachedwetsa zinzake zonse.

Tsopano tiyeni ku Redcliff, pafupi ndi Kwekwe, kumene fakitale ya chitsulo inayamba kugwira ntchito mu 1948, pambuyo pake n'kudziwika ndi dzina lakuti RISCO, n'kudzatchedwa Ziscosteel dziko litalandira ufulu mu 1980. M'masiku ake abwino inkalemba anthu oposa 5,000 ndipo inali ndi mphamvu yotulutsa matani pafupifupi 1 miliyoni a chitsulo pachaka. M'kati mwa mpanda wake munali njanji zakezake ndi mitu ya sitima yakeyake. Malasha ankachokera ku Hwange, mwala wa chitsulo unkachokera ku Buchwa m'boma la Mberengwa, ndipo pambuyo pake ku Ripple Creek kufupi ndi Redcliff.

Kumeneku bogi lafika kale komwe limapita, ndiye nkhani imakhala yakuti liime pati ndipo nthawi yanji. M'fakitale yotere bogi limayamba lakwera pa sikelo ya njanji, kenako limakankhidwa pang'onopang'ono mpaka pakamwa pa dzenje lokhuthulira. Likapitirira ndi mkono umodzi wokha, malasha atayikira pansi. Likaperewera, makina okhuthulira saligwira. Shanta wa m'fakitale amadziwa malo ake monga mmene mwini nyumba amadziwira pakhomo pake mumdima: pokhota mothina pamene bogi lalitali limalira, pamene khoma layandikira kwambiri moti munthu sangakwere m'mbali mwa bogi, pamene antchito a shifiti amadumphira njanji pothamangira ku kantini. Ndipo pamwamba pa zonse pali ng'anjo. Ng'anjo yaikulu yosungunulira chitsulo siizimitsidwa madzulo n'kuyatsidwanso m'mawa. Ikazizira chitsulo chili m'kati, chimauma momwemo, ndipo kuikonza kumadya miyezi ndi ndalama zankhaninkhani. Choncho malasha akachedwa pa Dabuka, anthu ankadandaula n'kulemba malipoti, koma akachedwa pa Redcliff mitima inkakhala m'mwamba.

Pakati pa njanji yaikulu ndi fakitale pali kamzere ka njanji pamene amapatsirana mabogi. Mutu wa National Railways of Zimbabwe umasiya odzaza pamenepo n'kutenga amene akhuthulidwa, ndipo kupitirira apo ndi udindo wa eni fakitale, kuphatikizapo kukonza njanjiyo ndi kulambula udzu. Apa ndi pamene pamabukira mikangano yambiri. A njanji amafuna bogi lawo libwerere msanga, popeza bogi loima silipanga ndalama, ndipo amalipiritsa kampani imene yalisunga mopitirira nthawi. A fakitale nawo amafuna mabogi akhale pafupi kuti katundu akangotuluka apeze pokwera. Onse awiri ali ndi mfundo, ndipo njanji imayenda bwino pokhapokha ngati kalaliki wa kuno ndi wa uko amalankhulana tsiku ndi tsiku.

Si malo onse a kampani amene anali aakulu ngati Redcliff. Ku Shurugwi kunali kanjanji kopapatiza ka mamilimita 610, Selukwe Peak Light Railway, kamene kankatsitsa chrome kuchokera kumapiri. Mabogi ake sakanatha kuyenda pa njanji yaikulu ya mamilimita 1,067, mulingo womwenso tili nawo ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, choncho mwalawo unkachita kusamutsidwa kuchoka m'bogi laling'ono kulowa m'lalikulu.

Pa ntchito zamanja zoterezi ndi pamene pankapezeka anthu akwathu. Ambiri anatsika kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kummawa kwa Zambia, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi, ena paokha wapansi, ndipo anakalowa m'migodi ya Shurugwi ndi Zvishavane, ku Globe and Phoenix ku Kwekwe ndi ku ng'anjo za Redcliff. M'nthawi ya atsamunda ntchito monga kuyendetsa sitima inali ya azungu. Wakuda ankapatsidwa fosholo, kunyamula matumba ndi kukumba m'mbali mwa njanji. Mu October 1945 antchito akuda a njanji ananyanyala ntchito kuyambira ku Bulawayo, ndipo sitalakayo inatsata njanji mpaka kukafika ku Northern Rhodesia. Boma linaona kuti amene limawayesa anthu wamba ndiwo ankayendetsa katundu wa dziko lonse. Ambiri mwa abale athuwo anakhala machona. Zidzukulu zawo zikadali ku Torwood, ku Amaveni ndi ku Mbizo, ndipo Gule Wamkulu akuvinidwabe m'makomboni a migodi. Nkhani ya tinjanji ta m'mafakitale ndi nkhani ya mchere ndi ufa wa m'nyumba zawo.

Ulemerero wonse unkapita ku yadi yaikulu. Mu 1983 boma la Zimbabwe linatsegula njanji yamagetsi ya makilomita opitirira 300 kuchokera pa Dabuka mpaka ku Harare, ndipo pa Dabuka ndi pamene mitu ya dizilo inkasinthana ndi yamagetsi. Chinali chinthu chonyaditsa, ndipo m'pomveka kuti chinali chotero. Koma kumapeto kwa zaka za m'ma 2000 mbava zinali zitaba mawaya akopa ambiri moti sitima zamagetsi zinaima. Nthawi yomweyo, mu 2008, ng'anjo za Ziscosteel zinazima. Mgodi wa Shabanie ku Zvishavane, umene boma linaulanda mu 2004, unafota mpaka kuleka kutulutsa asbestos wochuluka, ndipo ZimAlloys ya ku Gweru inagwa m'ngongole. Mgwirizano wa mu 2011 woti kampani ya Essar ya ku India idzutse Redcliff sunabale kanthu. Katundu wonyamulidwa pa njanji za Zimbabwe, amene ankaposa matani 12 miliyoni pachaka m'zaka za m'ma 1990, watsika mpaka pansi pa matani 3 miliyoni m'zaka zaposachedwa.

Anthu akamakamba za kugwa kumeneku amatchula mawaya obedwa, mitu yokalamba ndi mizere ya pa yadi imene yamera thengo. Zonsezo n'zoona. Komabe ine ndimaona kuti bala lalikulu lili kuseri kwa zipata za mafakitale. Yadi ili ngati msika wa mbewu: sikelo ikhoza kukhala yatsopano, alembi ali pamalo awo, koma ngati kumidzi sikunalimidwe, pabwalo pangokhala mbee. Dabuka siikumba mwala ndipo siisungunula chitsulo. Imangosanja zimene Redcliff, Kwekwe, Shurugwi ndi Zvishavane atumiza. Fakitale imodzi ya chitsulo inkadzaza sitima zopita ndi zobwera, malasha ndi mwala polowa, zitsulo potuluka, ndipo itatseka panalibe kasitomala wina wolowa m'malo mwake.

Sindikunena kuti mlandu wonse uli kumbali imodzi. Pali mafakitale amene anakhalabe amoyo koma njanji inawagwiritsa mwala. Zimasco ya ku Kwekwe, imene kampani ya Sinosteel ya ku China inagula mu 2007, imapanga ferrochrome, katundu wolemera amene malo ake enieni ndi pa njanji yopita kudoko. Sable Chemicals, imene inayamba kupanga feteleza kufupi ndi Kwekwe mu 1969, inatseka makina ake odya magetsi ambiri mu 2015 n'kuyamba kudalira ammonia wobwera ndi mathanki a njanji kuchokera ku South Africa. Kwa fakitale yotere, thanki ikagona sabata pa yadi chifukwa chosowa mutu woikoka, ndiye kuti feteleza wa alimi wachedwa. Mwini katundu akaitanitsa mabogi khumi n'kulandira atatu, ulendo wachiwiri amaitana mathiraki, ndipo akazolowera sabwereranso. Kanjanji kake kamamera udzu, matabwa ake amawola, ndipo tsiku lina amathira phula pamwamba pake kuti mathiraki azitembenuka bwino. Mutu wa sitima ukhoza kugulidwa kapena kubwerekedwa chaka chimodzi. Kanjanji kokwiriridwa ndi phula sikadzuka msanga chotero.

N'chifukwa chake ndimakayikira mapulani ongoyang'ana za pa njanji yaikulu. Mgwirizano wodzutsa njanji wa madola 400 miliyoni wa mu 2017, wa kampani ya Transnet ndi gulu la anthu a ku Zimbabwe okhala kunja, unathetsedwa mu 2019, koma ngakhale ukanatheka, funso likanatsala lakuti mitu yatsopano ikakoka katundu wa ndani. Palinso kusintha kwina kumene kukuchepetsa ntchito ya mayadi padziko lonse. Sitima yonyamula katundu wamtundu umodzi, kuchokera pamgodi umodzi kupita kudoko limodzi, siifunika kusanjidwa panjira. Kwathu timaziona pa Nkaya, kumene sitima zamalasha zochokera ku Moatize zimadutsa kulowera ku Nacala zili momwe zinanyamukira. Sitima zotere zimapindulitsa, koma zimatumikira eni migodi akuluakulu okha. Wamalonda wa mabogi awiri a simenti kapena feteleza, kaya ali ku Gweru kaya ku Kanengo, amafunabe yadi ndi shanta woti alowetse mabogi akewo mu sitima ya anthu ena. Pamenepa yadi ilibe choilowa m'malo, ndipo dziko likaisiya kuti ife ndiye kuti lauza amalonda ang'onoang'ono onse kuti apite pamsewu.

Chitsulo chayambanso kusungunulidwa m'chigawochi. Mu 2024 fakitale ya Dinson, ya kampani ya Tsingshan ya ku China, inayatsa ng'anjo yake ku Manhize, cha ku Mvuma. Inamangidwa kufupi ndi mwala wa chitsulo, koma kutali ndi njanji, moti inayamba ntchito malasha ake akubwera ndi mathiraki kuchokera ku Hwange, pamisewu yomwe mabasi ndi ana asukulu amagwiritsa ntchito. Pakhala zokambirana zomanga njanji ya makilomita pafupifupi 50 kuchokera pafakitalepo kukalumikiza pa Mvuma, ndiponso kukonza nthambi yakale yochokera pa Mvuma kupita ku Gweru. Kamtunda kameneka n'kakafupi poyerekeza ndi njanji yamagetsi ya mu 1983, koma ndiko kangabweretse pa Dabuka sitima zamalasha zopita ndi zazitsulo zobwerera, monga zinkachitikira Redcliff ili moyo.